Madzi, Sikelo ndi Ganyu: Chilungamo pa Chakudya m'Chigwa cha Domasi

Pulogalamu ya maphunziro pawailesi

(Nyimbo yotsegulira)

WOULUTSA:

Pulogalamu ya lero ikuunika nkhani ya chilungamo pa chakudya poyang'ana dera limodzi, lomwe ndi chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, kuchokera kumene mtsinje wa Domasi umatumphukira pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa mpaka kumene umakathira m'nyanja ya Chilwa. Mawu akuti chilungamo pa chakudya akutanthauza kuti phindu ndi zowawa zopezeka pa ulendo wonse wa chakudya, kuyambira pa kagawidwe ka minda ndi madzi, kulima, kukolola, kugulitsa ndi kugayitsa mpaka pa kugawana m'mbale, zisamagwere mbali imodzi, ndiponso kuti amene amakhetsa thukuta azikhala ndi mawu pa malamulo oyendetsera ulendowo. Ganizoli likusiyana ndi lija lozolowereka lowerenga matani a chimanga amene dziko lakolola n'kuwayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, pakuti kuwerenga koteroko kungathe kusonyeza kuti chakudya chatsala pamene m'midzi yambiri muli mabanja ogona ndi njala.

Chigwa cha Domasi n'choyenera kuunikidwa chifukwa kwa zaka zoposa 100 chakhala malo ophunzitsira anthu. Mishoni ya Church of Scotland inakhazikika pa Domasi m'chaka cha 1884, sukulu ya Jeanes inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kuti iziphunzitsa aphunzitsi, akazi awo ndi mafumu za ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka pakhomo, ndipo kuyambira mu 1949 boma la atsamunda linayesera pomwepo ntchito ya chitukuko cha m'midzi imene ankaitsogolera T. D. Thomson. Lero m'chigwamo muli Malawi Institute of Education, koleji ya aphunzitsi ya Domasi ndi malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba za m'mayiwe. Ntchito zimenezi zinabala zipatso zooneka, koma zambiri mwa izo zinatsamira pa chikhulupiriro chakuti wosauka amagona ndi njala chifukwa cha umbuli, moti akangophunzitsidwa kuunga mizere yopingasa, kuthira manyowa ndi kudya zakasinthasintha, njala idzamuchoka. Anthu a m'madera a mafumu aakulu Malemia ndi Kuntumanji amva uphungu wa alangizi kwa mibadwo ingapo, komabe Febuluwale akafika ena mwa iwo amadya kamodzi pa tsiku, ndipo zimenezi zikukakamiza wofufuza aliyense woona mtima kuti akafune gwero la vutoli kwina.

Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, m'buku lake la mu 1981 lotchedwa Poverty and Famines, anasonyeza kuti pa njala ya ku Bengal ya mu 1943, imene inapha anthu oposa 2 miliyoni, mpunga sunachepe koposa zaka zina zimene kunalibe njala, koma chimene chinagwa ndi mphamvu ya magulu ena a anthu, monga aganyu ndi asodzi, yopezera mpungawo pamene mtengo wake unakwera kusiya malipiro awo kumbuyo. Mbiri ya Malawi ikuchitira umboni ganizo lomweli. Megan Vaughan, amene anafufuza za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre n'kusindikiza zotsatira zake mu 1987, anapeza kuti ena mwa amene anavutika koposa anali amayi omwe amuna awo anachoka kukasaka chakudya osabwereranso, popeza kagawidwe ka chakudya cha boma kankakomera anthu okhala ndi ntchito yolipidwa. Pa njala ya mu 2002, chimanga cha m'nkhokwe za boma choposa matani 150,000 chinali chitagulitsidwa kale potsatira uphungu wa bungwe la IMF wakuti nkhokwezo zichepetsedwe, kagulitsidwe kake kanadzutsa mafunso ambiri, ndipo mtengo pa misika unakwera kangapo pasanathe miyezi 8. Mwini ndalama anagula, wopanda ndalama anadya gaga, mitsitsi ya nthochi ndi mango osapsa owiritsa.

Muzu woyamba wa kusiyana kumeneku uli pa nthaka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, kuphatikizapo madera a Zomba, ndipo anthu okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi pogwira ntchito ya thangata m'miyezi yeniyeni imene minda yawo inkafuna khasu. Ufulu wodzilamulira wa mu 1964 unabwera thangata atathetsedwa m'malamulo, koma kachitidwe kokondera minda ikuluikulu kanapitirira, pakuti lamulo la mbewu zapadera la mu 1963 linagwiritsidwa ntchito kuletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale mpaka zaka za m'ma 1990. Zotsatira zake n'zakuti m'boma la Zomba, limene ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, mabanja ambiri amalima munda wosakwana hekitala, ndipo munda wotere umagawidwanso nthawi iliyonse mwana wamkazi akakwatiwa n'kufuna pake.

(Nyimbo yopumira)

WOULUTSA:

Pamene munda wa mvula wachepa chotere, madzi a mtsinje amasanduka chuma chachikulu kuposa china chilichonse. Kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, kumalire a Zomba ndi Machinga, kuli sikimu ya mpunga ya Domasi, kutanthauza dera la mahekitala pafupifupi 500 lokonzedwa ndi ngalande kuti lizithiriridwa, limene linamangidwa ndi thandizo la akatswiri a ku Taiwan chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo inzake ya Likangala ili kummwera kwake m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, masikimuwa ankayendetsedwa ndi boma mokhwimitsa malamulo: mlimi ankapatsidwa mapuloti aang'ono, lililonse pafupifupi kota ya ekala, ankabzala ndi kupalira pa nthawi yolamulidwa, a Payoniya ankaonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, ndipo wonyozera ankatha kulandidwa puloti. Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994 boma linayamba kuchotsa dzanja lake, ngalande zinawonongeka, ndipo lamulo la ulimi wa mthirira la mu 2001 linatsegula njira yoperekera masikimu kwa alimi eni ake kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene amasankha komiti, kutolera zopereka ndi kugawa madzi.

Kupereka sikimu kwa alimi kumamveka ngati chilungamo chenicheni, ndipo pa mbali zina ndi chilungamodi. Koma kafukufuku amene Anne Ferguson ndi Wapulumuka Mulwafu anachita pa masikimu a Domasi ndi Likangala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anasonyeza kuti mawu akuti "alimi" amabisa magulu a anthu osafanana mphamvu. Alipo alimi amene anaunjika mapuloti ambiri pochita lendi kwa anzawo, alipo osauka amene dzina lawo lili m'kaundula koma puloti akulima ndi wina, ndipo maudindo a m'makomiti ankatsamira kwa opezako bwino. Panabukanso mkangano wakuti nthakayo ndi ya yani, ena akuti ndi ya boma, ena akuti ndi ya makolo awo amene anasamutsidwa pomanga sikimu, kotero kuti mabanja amene analima pamalopo kwa zaka 30 ankatha kutchedwa obwera. Munthu wobwereketsa puloti sachita zimenezi chifukwa cha ulesi, monga amanenera ena osalingalira. Amatero mu Disembala pamene m'nyumba mulibe ufa, alibe ndalama ya mbewu ndi feteleza, ndipo ndalama ya lendi ndiyo yokhayo ingamufikitse ku Malichi, ngakhale akudziwa bwino kuti mpunga umene wobwerekayo adzakolole udzaposa ndalamayo kutali.

Pali kusiyana kwina kumene mapu a sikimu saonetsa, kwa amene ali kumutu kwa ngalande ndi amene ali kumchira. M'chilimwe, pamene mtsinje waphwera ndipo eni madimba a kumtunda akupopa madzi othirira tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi, madzi ofika pa sikimu sakwanira mapuloti onse, ndipo wakumchira ndiye amaona mpunga wake ukufota usanabereke. Kuphwera kwa mtsinjewo kukugwirizana ndi kutha kwa mitengo m'nkhalango ya Zomba ndi Malosa, ndipo pano mpoyenera kunena mosabisa kuti wootcha makala pa Malosa nthawi zambiri ndi munthu yemweyo amene munda wake sunamupatse chakudya chofika chaka, moti kumuthamangitsa m'phiri popanda kuyankha funso la chimene adye n'kungosamutsa njala kuichotsa pa khomo lina kuiika pa lina.

Muzu wachiwiri, umene pulogalamu ino ikuuona kukhala waukulu koposa, uli pa malo ogulitsira. Mu Meyi ndi Juni, m'misika monga ya Songani ndi m'mphepete mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, mavenda amapachika sikelo pa nthambi ya mango kapena pa mitengo itatu yomangidwa pamodzi kumutu. Mayi wafika ndi thumba la mpunga wosapuntha pa njinga ya kabaza, thumbalo lakolekedwa pa ngowe, ndipo nkhope ya sikelo yayang'ana kwa wogula. Wogulayo amapisa dzanja m'thumba, amaluma njere imodzi n'kunena kuti mpungawo sunaume, amadula kilogalamu ya chinyezi, ina ya zinyalala, inanso ya thumba, kenaka amatchula mtengo umene mavenda onse a pamalopo agwirizana m'mawa. Mayiyo angathe kukana, koma wa kabaza akudikira malipiro ake, kunyamulanso thumba kubwerera nalo kumudzi ndi ndalama ina, ndipo kunyumba kuli ngongole, fizi ya mwana wa ku sekondale, sopo ndi mchere. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyesa masikelo, koma mtengo wolengezedwa ku Lilongwe ulibe mphamvu pansi pa mtengo wa mango ngati palibe wogula wina woima pafupi ali ndi ndalama m'manja.

Mpunga womwewo, makamaka wonunkhira wa mtundu wa Faya kapena Kilombero, ukapunthidwa pa chigayo, kupetedwa ndi kulongedzedwa m'mapaketi, umakagulitsidwa ku Blantyre pa mtengo umene wolimayo sangaukwanitse, kotero kuti phindu lalikulu limatsalira kwa amene ali ndi chigayo, nyumba yosungiramo ndi galimoto. Choipa koposa n'chakuti alimi ena amakhala atagulitsa kale mpunga usanache kudzera mu katapila, yomwe ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri: amalandira ndalama pang'ono mu Januwale n'kulonjeza thumba lathunthu pokolola. Ndipo banja lomwe linagulitsa chimanga kapena mpunga motchipa mu Juni limabwereranso kumsika mu Januwale kudzagula chimanga pa mtengo wokwera, mwina kwa venda yemweyo, pogula pang'onopang'ono ndi mbale kapena ndowa, kagulidwe kamene kamadula koposa kugula thumba lathunthu. Mlimi wosauka amaluza kawiri pa chaka, pogulitsa ndi pogula, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi msonkho umene palibe Nyumba ya Malamulo inaukhazikitsa koma umatoleredwa mosaphonya.

Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa mu 1971, ndilo linkayenera kutseka mpata umenewu, ndipo mbiri yake iyenera kunenedwa mbali zonse ziwiri. M'zaka za m'ma 1970 linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumathandizira kukuza minda ikuluikulu ya fodya, chimene chinali kulanda kwa osauka kupatsa olemera. Komabe misika yake inali pafupi ndi midzi, sikelo yake inkadziwika, ndipo m'miyezi ya njala chimanga chinkagulitsidwa pa mtengo umodzi. Kuyambira mu 1987, pamene malonda a mbewu anatsegulidwa kwa aliyense, misika yambiri ya kumidzi inatsekedwa, ndipo mu 2022 boma linaimitsa ntchito za bungweli kuti likonzedwe mwatsopano. Kumasula msika kunapatsa mlimi ufulu wosankha wogula, koma ufulu umenewo uli ndi phindu pokhapokha ogula ali ambiri ndipo akupikisanadi.

(Nyimbo yopumira)

WOULUTSA:

Chimene chimalumikiza nthaka yochepa ndi msika wokondera ndi ganyu, yemwe ndi ntchito ya kanthawi yolipidwa malinga ndi ndime imene munthu wamaliza. Ganyu amachuluka mu Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira, yobandira ndi yowokera mpunga, ndipo imeneyi ndi nthawi yomweyo imene munda wa waganyuyo ukufuna manja ake. Bambo ndi mayi amalawirira m'munda wa mwini wake, mizere imawerengedwa, dzuwa likapendeka amalandira mbale ya mgaiwa, nthawi zina madeya, ndipo akafika m'munda mwawo patapita masabata awiri amapeza udzu utapitirira chimanga. Zokolola zawo zimachepa, nkhokwe imatha msanga chaka chotsatira, ndipo ganyu amayambika msanga kuposa chaka chatha. Pauline Peters, amene anatsatira mabanja omwewo m'midzi ya m'boma la Zomba kuyambira mu 1986 kwa zaka pafupifupi 20, anapeza kuti kumasulidwa kwa malonda ndi kwa fodya wa bale kunapindulira kwambiri mabanja opezako bwino, pamene mpata pakati pa iwo ndi osaukitsitsa unakula. Sikuti wolemba ganyu ndi mdani, pakuti kawirikawiri ndi mbale kapena mnansi, ndipo anthu a pamudzi amamuona ngati wothandiza. Vuto lili pakuti munthu amene ana ake sanadye dzulo sangathe kunenerera malipiro.

Boma layesa kudula unyolo umenewu ndi zipangizo zotsika mtengo, kuyambira pa timapaketi ta mbewu ndi feteleza ta mu 1998, ndondomeko ya makuponi imene Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005, mpaka ya AIP ya mu 2020. Ndondomekozi zinakweza zokolola m'zaka za mvula yabwino, koma thumba la feteleza limene mlimi ankalipira K4,495 mu 2020 linafika pa K15,000 mu 2022, chiwerengero cha opindula chinatsika, ndipo wosaukitsitsa amene alibe ndalama yowonjezerayo amagulitsa mwayi wake kwa venda. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunaika feteleza wa m'sitolo patali ndi mabanja ambiri.

Ndiwo nazo zili ndi nkhani yake. Nyanja ya Chilwa, imene inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa mgwirizano wa Ramsar, imapereka matemba, makumba ndi milamba, nsomba zimene kwa nthawi yaitali zakhala ndiwo ya munthu wamba chifukwa zimagulika ndi mulu waung'ono. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe potulukira, moti inaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018, ndipo nthawi iliyonse ikatero mwini makoka amasamutsira chuma chake kwina pamene anyamata okoka makoka, ogona m'zimbowera pakati pa mabango, ndi amayi owamba ndi kuyanika nsomba pa doko la Kachulu amatsala manja ali m'khosi. Nyengo yotseka nyanja kuti nsomba ziswane ndi yofunika, koma imagwa m'miyezi ya mvula, yomwe ndi miyezi ya njala, kotero kuti mtengo wa kusunga nsomba za dziko lonse umalipiridwa ndi amene alibe chosungira. Ulimi wa nsomba za m'mayiwe, umene akatswiri a pa Domasi aulimbikitsa kwa zaka zambiri, ukanatha kuthandiza, koma dziwe limafuna malo okhala ndi madzi chaka chonse, ndipo madeya odyetsera nsomba ndi omwewo amene banja losauka limaphika mu Febuluwale.

Chilungamo chimafunikanso m'nyumba. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka 5 anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali wochepa poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa cha kuperewera kwa zakudya kwa nthawi yaitali. M'chigwa cha Domasi, kumene Ayao, Anyanja ndi Alomwe ambiri amatsata mwambo wa chikamwini, munda wa pamudzi umayenda kudzera kwa akazi, ndipo chimenechi ndi chitetezo chenicheni chimene malamulo atsopano olembetsa malo, monga lamulo la malo a makolo la mu 2016, sayenera kuchifooketsa polemba dzina la mwamuna pa munda wa mbumba. Koma kukhala mwini munda sikutanthauza kukhala mwini ndalama za mbewu zogulitsa, ndipo mayi amene akuwokera mpunga tsiku lonse, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuyamwitsa sangathe kuphikira mwana phala kanayi pa tsiku ngakhale ataloweza magulu onse 6 a zakudya. Ntchito ya bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, imene inayamba ku Ekwendeni m'chaka cha 2000, inasonyeza kuti kubzala nandolo, mtedza ndi soya kunathandiza kakulidwe ka ana makamaka pamene abambo ndi agogo anakokeredwa m'zokambirana za kugawana ntchito za pakhomo ndi za kadyetsedwe ka ana.

(Nyimbo yopumira)

WOULUTSA:

Malamulo a dziko lino sali chete pa nkhaniyi. Gawo 30 la malamulo aakulu a mu 1994 limalamula boma kuchita zofunika kuti anthu onse akhale ndi mwayi wofanana wopeza zinthu zofunika pa moyo, ndipo chakudya chatchulidwa mwachindunji pamodzi ndi maphunziro, chithandizo cha zaumoyo, pogona ndi ntchito. Malawi analowanso mu 1993 m'pangano la United Nations la ufulu wa zachuma, chikhalidwe ndi umoyo wa anthu, limene limavomereza ufulu wa chakudya chokwanira, ndipo Olivier De Schutter, nthumwi yapadera ya bungweli pa ufulu umenewu, atayendera dziko lino mu Julayi 2013 analangiza kuti pakhale lamulo lapadera louteteza. Bilu yotero inakhala zaka zoposa 10 ikukambidwa osafika pokhala lamulo. Kufunika kwa lamulo lotero n'kwakuti limasandutsa chakudya kuchoka pa mphatso imene wandale amapereka pa msonkhano kukhala mangawa amene nzika ingathe kulonjerera, monga zinachitikira ku India, kumene mlandu wa mu 2001 ku khoti lalikulu unatsogolera ku lamulo la chakudya la mu 2013.

Ganizo la chilungamo pa chakudya linakulira m'magulu a anthu ovutikawo, osati m'maofesi. Mu 1969 gulu la Black Panther linayamba kupereka chakudya cha m'mawa kwa ana a anthu akuda ku Oakland m'dziko la America, ndipo mu 1996 mgwirizano wa alimi ang'onoang'ono wa La Via Campesina unabweretsa ku msonkhano wa chakudya wa ku Rome mfundo yakuti anthu ali ndi ufulu wodzisankhira kayendetsedwe ka ulimi ndi chakudya chawo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'chigwa cha Domasi zitseko zoyamba kutsekulidwa zili pafupi. Bungwe la ogwiritsa ntchito madzi lingathe kupachika poyera kaundula wa mapuloti ndi ndandanda ya kagawidwe ka madzi, kuika malire a mapuloti amene munthu mmodzi angalime, ndi kusunga mipando ya m'komiti ya amayi ndi ya alimi a kumchira kwa ngalande. Kopaletivi yokhala ndi sikelo yakeyake yoyesedwa, nyumba yosungiramo mpunga ndi chigayo ingathe kupatsa mlimi gawo la ndalama pa tsiku lobweretsa mbewu n'kudikira mtengo wa Novembala, ndipo popanda gawo loyambalo kopaletivi imakhala ya okhawo amene angakwanitse kudikira.

Njira ina imene yaonetsa mphamvu ndi yogwiritsa ntchito ndalama zimene zikugulira kale chakudya cha m'sukulu. Dziko la Brazil linakhazikitsa mu 2009 lamulo lakuti gawo losachepera 30 peresenti la ndalama za boma zodyetsera ana a sukulu lizigula kwa alimi ang'onoang'ono. Kuno ana ambiri amalandira phala la Likuni kudzera m'mabungwe monga Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, ndipo bungwe la WFP lakhala likuthandiza sukulu zina za kummwera kugula chakudya kwa alimi ozungulira. M'chigwa chimene muli sukulu za pulayimale zambiri, koleji, chipatala ndi ndende, makhitchini amenewa pamodzi ndi msika waukulu wokhazikika wa mpunga, nandolo, masamba ndi nsomba, bola malipiro azifika msanga, pakuti mlimi wodikira cheke miyezi itatu amabwerera kwa venda wolipira pompo.

Mpofunika kuvomereza kuti njira zonsezi zimathandiza amene ali ndi chogulitsa, ndipo banja lokhalira ganyu lilibe. Kwa banja lotero chofunika ndi ndalama kapena chakudya chofika pa nthawi yake. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, koma banja la anthu amphamvu zawo lokhala ndi theka la ekala kawirikawiri silikhala pa mndandandawo. Namondwe wa Freddy atasefukiza mitsinje ya m'chigwa cha Chilwa mu Malichi 2023, ndipo ng'amba ya mu 2024 itachititsa Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, anthu 5.7 miliyoni anawerengedwa kuti afunika thandizo la chakudya. Thandizo lotero limapulumutsa miyoyo, koma phindu lake limadalira mwezi umene lafika. Thumba la makilogalamu 50 lofika kumayambiriro kwa Disembala limalola bambo ndi mayi kupalira munda wawo, kusabwereketsa puloti ndi kukana katapila, pamene thumba lomwelo likafika kumapeto kwa Febuluwale limapeza puloti lili m'manja mwa wina, udzu utadya kale chimanga, ndi mpunga wa mu Meyi utalonjezedwa kwa mwini ngongole.

Pulogalamu ya sabata yamawa idzaunika malamulo oyendetsera mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, makamaka kasankhidwe ka makomiti ndi njira zimene mlimi wolandidwa puloti kapena womanidwa madzi angatsate podandaula.

(Nyimbo yotsekera)